Kamera ya Mdala wa ku Matero

Ndimagulitsa nsapato ndi zitenje pamsika wa ku Chawama, ndipo katundu ndimakaoda ndekha ku Dar es Salaam. Ndimakwera basi mpaka ku Kapiri, kenako sitima, masiku awiri kapena atatu, malingana ndi mmene sitimayo yadzukira. Njira imeneyi ndayendamo zaka zambiri, moti ndimadziwa siteshoni imene amagulitsa nthochi zokoma ndi imene madzi ake amatsegula m'mimba. Koma wina akanati ndimuonetse kumene ndimapitako, ndikanamuonetsa nsapato. M'foni mwanga munali nsapato zokhazokha, zasukulu, zaukwati, zazidendene zazitali, chifukwa makasitomala anga sagula chinthu asanachione, ndipo ena amafuna kuona mtundu umene ndinabweretsa chaka chatha.

Ulendo wina, m'mawa, tikudutsa m'nkhalango ya nyama imene ili chakufupi ndi Dar, sitima inachepetsa liwiro. Mnzanga amene ndimayenda naye nthawi zonse, mayi wa ku Marapodi wogulitsa zikwama za azimayi, anandimenya paphewa.

"Ba sisi, onani! Onani!"

Nyamalikiti zitatu zinali zitaima pafupi ndi njanji, zikutiyang'ana ngati ife ndi amene tabwera kudzaonetsedwa. Ina inali yaing'ono, miyendo ngati nsungwi. Ndinapisa dzanja pachifuwa pomwe ndimabisa foni, ndinamasula kampango kamene ndimaikulungamo, n'kuiyatsa, poti musitima ndimaizimitsa kuti batire isathe. Inadzuka mwaulesi. Itadzuka inandiuza kuti mulibe malo. Ndinayamba kufufuta nsapato, ndipo pa nsapato iliyonse foniyo inkandifunsa ngati ndatsimikizadi. Pamene ndinkatsimikiza kachitatu, pawindo panali patatsala mitengo yokha.

Pampando woyang'anana nafe panali bambo wina wachikulire amene anakwerera ku Mbeya. Iye sanavutike. Anatulutsa m'thumba la shati kanthu kochepa ngati sopo wosambira, anakaloza pawindo, n'kukabwezeramo. Ataona mmene nkhope yanga inalili, anakatulutsanso n'kundionetsa. Nyamalikiti yaing'ono ija inali momwemo, mpaka nsidze zake zikuoneka. Chiswahili changa n'cha pamsika, chongokwanira kunenerera mtengo, choncho sindinathe kumufunsa zambiri. Ndinangolumbira chamumtima kuti ndikafika kwathu ndikagula kanga.

Amuna anga amawotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo pakhomo pathu pomwepo. Ndinalakwitsa nthawi yowauzira, chifukwa magetsi anali atangobwera kumene ndipo iwo anali pa liwiro kuti amalize geti asanazimenso. Anakweza chophimba kumaso n'kundiyang'ana.

"Kamera ya chani? Si muli na foni?"

"Foni ni ya bizinesi. Yadzaza nsapato."

"Fufutani."

"Nikafufuta, makasitomala nizabaonetsa chani? Mapazi yanga?"

"Manje iyo nyama mukaijambula, muzaigulitsa zingati?"

Ndinawauza kuti si chilichonse chimene munthu amagula kuti akagulitse. Anandikumbutsa kuti mawu amenewo akutuluka m'kamwa mwa munthu amene anagulitsa nsapato zomwe anavala, pabwalo la tchalitchi, mapemphero atangotha. Zimenezo zinachitikadi, koma sizinkakhudzana ndi nkhaniyi. Pomaliza anati, "Ndalama ni zanu," n'kutsitsa chophimba chija. Amene ali pabanja akudziwa kulemera kwa mawu amenewo.

Loweruka lotsatira ndinatseka kantemba kanga masana, n'kukakumana ndi mnzanga wa ku Marapodi m'tauni. Tinalowa m'shopu ina ya magalasi okhaokha, yozizira ngati mochare. Wogulitsa anali bambo wa tayi. Anayamba watiyang'ana kumapazi, poti mvula inali itagwa, ndipo matope a ku Chawama sachoka ndi kungopukuta pakhomo.

Ndinali nditakonza mafunso atatu. Kodi ikwana m'thumba la epuloni yanga, kuti mbala za pasiteshoni zisaione? Kodi ingajambule chinthu chili patali, sitima ikuyenda? Nanga batire yake ingapirire masiku awiri osaona magetsi? Ndinafunsa onse atatu mwaulemu.

"Madamu," anatero iye, "iyi ili na mamegapikiselo yambili maningi."

"Ndiye kuti chani?"

"Ndiye kuti ni yamphamvu."

"Ikwana mu epuloni?"

Anatsegula kabati ina n'kutulutsa chikamera chachikulu, diso lake ngati kapu ya tiyi, chili ndi lamba wake wovala m'khosi. Anati imeneyo ndi ya akatswiri, ndipo munthu woyendayenda ngati ine akuyenera imeneyo.

"Nikaivala iyo pakhosi pa boda ya Nakonde," ndinamuuza, "nizabwelela na lamba chabe."

Mnzanga anaseka mpaka mlonda wa pakhomo anasuzumira. Apo m'pamene bamboyo anatulutsa kamene ndinkafuna. Kanali kakuda, kosalala, kolemera bwino m'dzanja. Ndinakalowetsa m'thumba la epuloni, imene ndinaibweretsa dala m'chikwama, ndipo kanalowa ngati kanabadwira momwemo. Mtima wanga unali utagula kale. Kenako ndinatembenuza kapepala ka mtengo. Ndinaganiza kuti wolemba anawonjezera ziro mwangozi. Ine chinthu chilichonse ndimachiyeza ndi nsapato, ndipo kameneka kanali mabelo awiri a nsapato zasukulu, kuwonjezapo tikiti ya sitima. Kanali kodula kuposa chachikulu chija.

"Bwanji kang'ono kadula kupambana chikulu?"

"Fashoni, madamu. Batsikana ba ku koleji bavifuna maningi. Ati vithunzi va pafoni ni voyela kwambili, bafuna vooneka monga vakale."

Ndiye kuti ine, amene ndinkafuna nsidze za nyamalikiti, ndinkalimbirana katundu ndi ana ofuna zithunzi zosaoneka bwino, ndipo anawo ndi amene anakweza mtengo. Ndinayesa kunenerera. Pa ntchito imeneyi sindidzichepetsa, ndagwetsapo mitengo ya amalonda a ku Dar amene amalumbira potchula amayi awo. Koma bamboyu anangoloza kompyuta n'kunena kuti mtengo uli mmenemo, ngati kuti kompyutayo ndi amalume ake osatsutsika. Anawonjezera kuti kachikwama kake n'kapadera, ndipo khadi losungira zithunzi nalonso n'lapadera. Ndinamufunsa ngati mphepo yozizira imene tinkapuma m'shopumo inalinso yapadera, ndipo tinatuluka asanayankhe.

Tisanafike pokwerera minibasi, bambo wina wa jekete lachikopa anatipeza kumbuyo. Anali atationa tikutuluka m'shopu muja manja ali lende.

"Ba mayo, musataye ndalama kuja. Nili nayo chimozimozi."

Anatulutsa bokosi lojambulidwa mapiri ndi mkango, manambala akuluakulu mbali zonse. Mtengo wake unali wa mapatapata mapeya atatu. Ine ndagula katundu moyo wanga wonse, ndimadziwa kulemera kwa chinthu chenicheni. Kameneka kanali kopepuka ngati bokosi la machesi lopanda machesi. Komabe ndinati ndiyese. Ndinauza mnzanga kuti amwetulire, n'kudina. Palibe chinachitika. Mnzanga anamwetulira, anatopa, anatembenuka kuyang'ana wogulitsa chimanga chootcha, ndipo m'pamene kanalira kuti tswa. Pachithunzipo nkhope yake inali ngati mbatata yophika.

Ndinabweza. Nditacheuka, ndinapeza mnzanga akumasula ndalama pansonga ya chitenje.

"Ba sisi, mwaona mweka chithunzi chanu!"

"Ni mitambo," anatero. "Ku Dar kumawala bwino. Imwe vuto yanu mufuna vinthu va bazungu na ndalama za ku Chawama."

Anapita kokwerera minibasi za kwawo atakumbatira bokosi lake. Ine ndinabwerera ku Chawama wopanda kanthu, nditataya malonda a Loweruka masana, amene ndi malonda abwino kuposa a sabata yonse.

Masabata otsatira ndinkangofufuza pafoni anthu ogulitsa makamera akale. Ndinaimbira atatu. Woyamba anafuna kuti nditumize kaye ndalama ya mayendedwe. Wachiwiri anati kamerayo ili kwa mlamu wake ku Kitwe, koma ndikatumiza theka ibwera ndi basi. Wachitatu ananditumizira chithunzi chomwe chija chimene ananditumizira woyamba, pa tebulo lomwelo, pansalu yomweyo ya maluwa. Zonsezi ndinkazifotokoza kunyumba pa chakudya chilichonse, mpaka tsiku lina amuna anga anaika sipuni pansi.

"Kuli mdala wina ku Matero, ninamupangila geti. Kale anali wojambula pa maukwati. Ali na makamera mu kabati. Yendani, makutu yanga yapumuleko."

Kuchoka ku Chawama kupita ku Matero ndi minibasi ziwiri, kusinthira m'tauni, ndipo kondakitala aliyense amalumbira kuti watsala munthu mmodzi pamene m'galimotomo muli iwe wekha. Ndinafika dzuwa lili pamutu. Getilo ndinalizindikira, ntchito ya amuna anga sindingaisowe. Mdalayo anali wamtali, ndevu zoyera zometedwa bwino, atavala juzi ngakhale kunkatentha. Anali wa ku Chipata, ndipo ankalankhula Chichewa chakuya chimene ndinkachimva kwa malemu bambo anga. Anandikhazika pakhonde, pafupi ndi mtengo wa gwafa, n'kuyamba kundifunsa ngati ndabwera kudzafunsira mwana wake.

"Mukufuna kujambula chiyani, mayi?"

"Nyama, mapiri, nyanja. Zimene ndimaona paulendo."

"Chifukwa chiyani?"

"Chifukwa ndimaziona."

"Ambiri amagula kamera chifukwa cha chinthu chimodzi chimene chinawadutsa. Pakatha mwezi amaiponya m'dirowa. Ine makamera anga sindigulitsa kwa anthu a m'dirowa."

Ndinamufotokozera za sitima, za epuloni, za batire. Anamvetsera atatseka maso, ndipo anali munthu woyamba kumva mafunso anga atatu mpaka kumapeto. Analowa m'nyumba n'kubwera ndi masokosi atatu akale, lililonse muli kamera. Awiri anawabwezera osandionetsa n'komwe. M'lachitatu munatuluka kasiliva, kokalikakalika m'mbali, kachitseko ka batire katamangidwa ndi labala.

"Iyi," anatero. "Diso lake limatuluka n'kukatenga chinthu kutsidya la msewu. Koma batire yatha, ndipo magetsi anapita m'mawa. Mubwere Lachiwiri."

Lachiwiri ndinatsekanso kantemba n'kukwera minibasi ziwiri zija. Magetsi analipo, wailesi yake inkaimba. Koma chaja, anatero, anaitenga mwana wake wamkazi amene amakhala ku Mtendere.

"Nanga bwanji simunandiimbire, bambo? Nambala ndinakusiyirani."

"Mafoni sindiwakonda."

Ndinaimirira kuti ndizipita, koma anati poti ndabwera kale, ndiphunzire kagwiridwe. Anandipatsa kamera yakufayo n'kundiuza kuti ndijambule gwafa. Zigongono zigunde nthiti. Phazi limodzi patsogolo. Ndipume, ndigwire mpweya, ndidine pang'onopang'ono. Ndinadina.

"Mwagwedeza."

"Mwadziwa bwanji poti siikuyaka?"

"Ndaona zigongono."

Ola lathunthu ndinajambula gwafa ndi kamera yosayaka, mayi wamkulu wa ana anayi, anthu odutsa mumsewu akusuzumira pageti. Pobwerera ndinalumbira kuti ku Matero sindidzapondakonso. Amuna anga atandifunsa kuti zayenda bwanji, ndinawauza kuti geti lawo likulira potsegula, akalithire mafuta.

Lachisanu ndinapitanso. Ulendo uno kanayaka. Diso lake linatuluka ndi kaphokoso ngati ka njuchi. Mdala ananditengera kumsewu n'kundiuza kuti ndijambule minibasi ikudutsa. Ndinagunditsa zigongono kunthiti, mokwiya, n'kudina. Titayang'ana, kondakitala anali momwemo atatulutsa mutu pawindo, kukamwa kuli yasa, ndalama zamapepala zitapindidwa pakati pa zala. Ndinaloza thanki ya madzi imene inali patali, ndinakoka diso lija, ndipo khwangwala amene anatera pamwamba pake anabwera pafupi ngati ndingamugwire. Ndinayesetsa kuti mdalayo asaone chimwemwe changa, chifukwa wogula akaonetsa chikondi mtengo umakwera.

Anatchula mtengo. Unali theka la belo la nsapato zasukulu.

Ndinaseka kuseka kwanga kwa pamsika. Ndinamuonetsa mokalika monse. Ndinakoka labala uja n'kumufunsa ngati nayenso ali pamtengo. Ndinamukumbutsa za minibasi zonse zimene ndinakwera chifukwa cha chaja yake. Ndinatchula theka la mtengo wakewo. Anangondiyang'ana. Ndinakwezako pang'ono. Anayamba kupukuta diso la kamera ndi kansalu. Basi ndinagwiritsa ntchito chida chomaliza, chimene sichinandilepherepo kuyambira kumsika wa Kamwala mpaka ku Dar: ndinatsanzika, ndinanyamula chikwama, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono kulowera kugeti, khutu lili kumbuyo kudikira kuti andiitane. Ndinafika pageti. Ndinalitsegula, linalira. Nditacheuka, mdala anali akulowetsa kamera m'sokosi.

Ndinaima kunja kwa mpanda, pafupi ndi mayi wina wogulitsa makala, ndikudzitukwana. Januwale anali pafupi, nyengo imene makolo amalimbirana nsapato zasukulu, ndipo theka la belo pa nthawi imeneyo si nthabwala. Kamerayo inali yakale. Ikafa pa Serenje, ndikadandaula kwa yani? Kwa munthu wosakonda mafoni? Ya m'shopu ija inali ndi pepala lake lobwezera ikawonongeka, koma mtengo wake ukanandisiya ndi kantemba kopanda katundu. Ya m'bokosi la mkango inali yotchipa, koma chinthu chosagwira ntchito n'chodula ngakhale utachitola. Ndipo khwangwala uja ndinali nditamuona ndi maso angawa. Wamakala anandifunsa ngati ndikudwala. Ndinati ayi, ndikuganiza. Anati ndiganizire uko, ndikutchinga makasitomala.

Ndinalowanso. Mdala sanadabwe. Mpando wanga unali pomwe ndinausiya.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi," anatero.

Ndikanakhala ndi nkhono pafupi ndikanamugenda nayo. Ndinapereka ndalama yonse imene anatchula, osachotsapo ngakhale ngwee imodzi, chinthu chimene sindinachitepo chiyambire malonda ndipo sindinauzepo anzanga a pamsika. Iye anandipatsa chaja, n'kundiwonjezera batire yachiwiri ndi sokosi lija. Khadi losungira zithunzi anati ndikagule m'tauni, lakelo muli maukwati a anthu. Labala ndizisintha akayamba kufooka.

Kunyumba amuna anga anaitembenuza uku ndi uku ndi zala zawo zakuda.

"Mwayenda katatu ku Matero kukagula kamera ya bandeji?"

Ndinawajambula pomwepo, asanatseke pakamwa.

Ulendo wotsatira ndinaukonzekera ngati mayeso. Mabatire onse awiri ndinawatchaja kwa aneba amene ali ndi sola. Ndinamenyera malo a pawindo. Kamera ya mnzanga wa ku Marapodi inagwira ntchito kuyambira ku Kapiri mpaka tisanafike ku Serenje, kenako inatentha ngati mbaula n'kuzima, osadzukanso. Sanavomereze kuti inali yabodza. Anati ndi fumbi. Kuyambira pamenepo yanga inasanduka yathu.

"Ba sisi, nijambuleni pa windo. Iyayi, mbali iyi, uku kuli chipsera. Onetsani. Fufutani. Futi."

Sitima inachedwa pamalire maola ambiri, inachedwanso kutsogolo pa chifukwa chimene palibe anatiuza. M'nkhalango ya nyama ija tinadutsamo kusanache. Pamene kunkayera, tinali kale pakati pa nyumba za malata ndi minda ya chinangwa. Ndinakhala ndi kamera m'manja, zigongono kunthiti, ndikuyang'ana mbuzi. Mnzanga anati mwina n'kujambula mbuziyo, nayonso ndi nyama. Sindinamulankhule mpaka tinatsika.

Komabe sindinganene kuti ndinabwerako chabe. Pakati pa mapiri a ku Tanzania pali malo pamene sitima imakhota pamlatho wautali, moti uli kumbuyo umaona mutu wake ukulowa m'phanga. Zaka zonsezi ndinkangouza ana anga ndi pakamwa, iwo n'kumati ee, maso ali pa TV. Ulendo uno ndinaugwira mlathowo, ndi nkhungu ili m'munsi mwake. Ku Dar, nditamaliza kuoda, ndinapita kunyanja m'mawa n'kujambula mabwato a matanga akubwera ndi nsomba, ndi bambo wina atasenza nsomba yaitali kuposa mwana wa sukulu. Batire imodzi inandifikitsa, inayo inandibweza. M'thumba la epuloni inakhalamo bwinobwino, ndipo pamalire palibe anadziwa kuti ndili nayo. Zofooka zake ndinazionanso. M'chipinda cha sitima mukachita kamdima, anthu amatuluka ngati mizukwa. Labala anaduka pa Mbeya, batire n'kugwera pansi pa mpando, ndipo ndinaifufuza chokwawa pakati pa mapazi a anthu ndi makoko a nthochi. Ndinamanga ndi labala wa tsitsi wa mnzanga, amene mpaka lero amati kamerayo ili ndi gawo lake.

Chimene sindinachiganizire pogula ndi azimayi anzanga a musitima. Pobwerera timadzaza ife amalonda, aliyense atakhalira katundu wake. Mmodzi ataona diso lija likutuluka, nkhani inafalikira mpaka kumabogi ena. Ankabwera atadzola kale milomo. Wina anasintha chitenje kawiri. Wina anafuna kuti ndimujambule atagwira foni kukhutu ngati akulankhula ndi munthu wofunika. Ndikati batire ikutha, ankati chimodzi chabe. Ndikati khadi ladzaza, ankati ndifufute mapiri, mapiri sapita kulikonse. Pofika ku Kapiri ndinali ndi zithunzi za azimayi oposa amene ndingawakumbukire, ndipo aliyense anali atatenga nambala yanga.

Foni inayamba kulira ndisanamasule n'komwe mabelo. Wa ku Mpika, wa ku Kasama, wa ku komboni ya George. Kuti chithunzi chichoke m'kamera kupita pafoni ya munthu, ndimayenera kupita kwa bambo wina wa kompyuta kuseri kwa msika, n'kudikira kuti magetsi akhalepo, n'kumulipira. Palibe mwa azimayiwo anafunsa za zimenezo. Ankangofunsa chifukwa chimene ndikuchedwera.

Tsiku lina mvula ikugwa, ndili pakantemba ndikuphimba zitenje ndi pulasitiki, panafika mayi wina wonenepa bwino, atanyowa mpaka m'mawondo, nsapato zili m'manja. Anandikumbatira ngati wachibale. Sindinamudziwe.

"Mwaniiwala? Musitima! Ninavala ya gilini. Nachoka ku Kanyama, madzi yafika mu nyumba, koma nati lelo nikaone chithunzi changa."

Ndinamukhazika pabenchi, ndinatulutsa kamera m'sokosi, n'kuyamba kufufuza. Tinadutsa mlatho, mabwato, azimayi ena ambirimbiri, iye akupereka ndemanga pa aliyense. Kasitomala wina anaima, anagwira nsapato yasukulu, anaona kuti palibe womulabadira, n'kupita pakantemba koyandikana nako. Pomaliza tinamupeza wa gilini uja, atatsamira belo lake, akuseka, dzuwa la pawindo lili pamasaya. Chinali chithunzi chabwino, mwina choposa zonse zimene ndinajambula musitimamo.

Anachiyang'ana nthawi yaitali, nkhope ikusintha.

"Mwanichita wonenepa."

"Ni mwamene mulili, ba mayo."

"Iyayi. Iyi kamera yanu ni yakale, ifutukula banthu. Fufutani."

Ndinaika chala pa batani lofufutira, ndipo anandigwira dzanja.

"Imani. Muzanichapila viwili. Chimozi cha bamuna banga, chimozi cha bamayo ku Kabwe. Koma muuze wa kompyuta achepetseko apa na apa."

Ndinamuuza mtengo wotsukitsa zithunzi ziwiri. Anadabwa kwambiri kuti pali mtengo, poti kamera ndi yanga kale. Tinakangana mpaka mvula inakula, madzi akuyenderera pakati pa matebulo a msika. Pomaliza anati abwera nayo ndalamayo Lolemba, ndipo poti sangayende chonchi mpaka pokwerera minibasi, ndimubwereke ambulera. Ndinamupatsa, ndinamuyang'ana akudumpha zithaphwi nsapato zili m'manja, mpaka anakhota pa ogulitsa kapenta. Zithunzi zake ziwiri ndinatsukitsa, zili mu envelopu pansi pa tebulo. Lolemba limenelo silinafike, ndipo ambulera ndinagula ina.